Khola la Dona ku Kamwendo

Pa esiteti yonse ya bwana Vitus, kufupi ndi Ludzi, chamoyo chimene chinkakhuta chaka chonse chinali chimodzi, ndipo sichinali munthu. Inali hatchi yaikazi, yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Mzungu amene anabwera nayo ankaitchula dzina lopinda lilime, koma matenanti anaipatsa lawo: Dona. Nanga akanaitchula chiyani? Iwo akudya mgaiwa woyezedwa pachitini, Dona ankadya madeya othira mchere, kusamba ndi sopo, n'kumapesedwa ngati mkwatibwi.

Wopesayo anali a Jailosi, bambo wa ku Phalombe amene anabwera kudzalima fodya tsitsi lidakali bii, n'kukalambira m'khola la hatchi. Kwawo kunalibenso kwawo. Napolo anakokolola mudzi ndi abale omwe, ndipo malo amene anatsala anagawana ena. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Madalo, anawoloka malire ndi mwamuna wa ku Chipata, osamvekanso. Chimene a Jailosi ndi akazi awo a Enifa ankachitcha pakhomo chinali kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa zigafa, ndipo kanyumbako kanali ka esiteti.

Bwana Vitus atagula esitetiyo, zipani zitangochuluka kumene, anasesa okalamba onse ngati zinyalala za m'chigafa. A Jailosi okha ndiwo anatsala. Sichinali chifundo, ayi, chifundo bwana uja sankayenda nacho. Nkhani inali yoti Dona sankalola munthu wina kumuyandikira. Kefasi, kapitawo wa pa esitetipo, atayesa kumuveka chingwe anagona masiku ambiri nthiti zikuwawa. Ndiye bwana ananena poyera, pamaso pa matenanti onse:

"Madala, inu ndi hatchiyi muli pa chingwe chimodzi. Tsiku limene idzagwe, inunso mudzaone msewu."

Anthu anaseka, a Jailosi nawonso anaseka, monga amasekera wosauka bwana akamanena nthabwala. Koma mawuwo anawalowa mpaka m'mafupa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'zoona, koma khosweyo sapeza tulo. Amangoyang'ana ngati mkhate uja sunachite mng'alu.

Ndipo mng'aluwo unatsala pang'ono kuchitika. Tsiku lina masana, a Jailosi ali ku chigayo, munthu wina anazemba n'kupisa dzanja pakati pa mitengo ya khola, n'kudula mchira wa Dona ndi chikwakwa. M'zaka zimenezo ubweya wa kumchira kwa hatchi unali malonda. Asing'anga ankafuna litchowa, ovina ankafuna litchowa, nawonso ofuna mipando ankati msonkhano wopanda litchowa m'manja sukoma. Wakubayo anadula mwaphuma n'kuchekako mnofu. Bala linatukusira, Dona anasiya kudya, a Jailosi anasiya naye limodzi. Hatchi inachira, mchira unameranso, koma kuyambira pamenepo a Jailosi ankaona chikwakwa m'dzanja la munthu aliyense.

Ndiye tangoganizani mmene mtima wawo unagwera pamene bwana analengeza kuti Dona apita ku chionetsero cha zaulimi ku Kamwendo. Bwana Vitus ankafuna kuimira uphungu, ndipo anaona kuti ena akamaonetsa maungu ndi atonde, iwo aonetse chinthu choti anthu akachisimbe mpaka ku Mlonyeni. Kukwera hatchi sankadziwa, ngakhale kuigwira pakhosi ankachita mantha, koma kuima pambali pake n'kujambulitsa ankatha.

"Bwana, hatchiyi sinaonepo khamu la anthu," anatero a Jailosi, chipewa chili m'manja.

"Ndiye ikalione. Pitani ndi Kefasi pa thirakitala mukapeze khola loti tikhoza kulinyamula, kulimanga pabwalo, n'kuliphwasulanso madzulo. Musankhe nokha, mwini mkazi ndinu. Koma chikaichitikira china chake, musadzati sindinanene."

Anayambira kwa a Jonasi, wogula ng'ombe wa pa Kamwendo, amene anali ndi zigawo za khola zoyenda nazo m'misika. Zinali za mapaipi onenepa, opingasa, dzimbiri lili psuu, koma osalala chifukwa cha kukhulidwa ndi nthiti za ng'ombe zaka zambiri. Chigawo chilichonse chinali chachitali kuposa munthu, ndipo chinkalumikizana ndi chinzake ndi kachitsulo kongosomeka, koti ukakazula kamodzi khola latseguka.

"Tengani izi, akuluakulu," anatero a Jonasi. "Nkhunzi zolusa zagunda apa mpaka kutopa, palibe imene inatuluka magazi. Kukongola ndiye ayi, koma nyama sidya penti."

A Jailosi anazungulira, kugwedeza apa, kupapasa apo. Sanapeze chobaya ngakhale chimodzi, ndipo mtima unayamba kuvomera. Koma atacheuka anaona ana akukwera pa chigawo china ngati makwerero, wina atakhala pamwamba penipeni miyendo ili lende. Anapisa dzanja pakati pa mapaipi, linalowa mpaka phewa. Anayesa mutu, nawo unalowa.

"Apa munthu akhoza kudula mchira ataimirira, uku akusuta fodya," anatero.

"Si mudzakhala pomwepo inu? Mudzaziwathamangitsa."

"Maso ndili nawo awiri, khola lili ndi mbali zinayi. Nanga kachitsulo aka? Aliyense akhoza kukazula. Malire ali apa, abale. Ndingotembenuka kukataya madzi, hatchi yakagona ku Zambia."

A Jonasi anangotukula mapewa n'kubwerera kwa ng'ombe zawo.

Kefasi ndiye anatchula za Gerald, wowotcherera zitsulo wa m'mbali mwa msewu waukulu. Gerald zinkamuyendera zaka zimenezo, ndipo amene ankamulemeretsa anali akuba. Munthu akagulitsa fodya ankayamba wagula zitsulo za m'mawindo asanagule mpando wokhalapo. Kuseri kwa shedi yake kunali zigawo za mpanda zopaka penti wakuda, zitsulo zake zoimirira, zothithikana, pakati maluwa opiringizika, pamwamba nsonga zonyezimira ngati mikondo. Anazipangira mkulu wina wamalonda kuti akazikhazike pamwamba pa khoma lalifupi la njerwa, koma khomalo silinamangidwe ndipo mkuluyo sanabwerenso. Popanda khoma, zigawozo zinkalekeza pachifuwa cha munthu wamtali.

A Jailosi anayesa kupisa dzanja, linakana. Anafuna popondera phazi, sanapapeze. Anakhudza nsonga imodzi ndi chala, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Madala, izi ndi za nyumba," anatero Gerald atakankhira magalasi ake akuda pamphumi. "Za nyama ine sindinapangepo. Bwanji nsongazi ndizidule? Si ntchito yaikulu, magetsi alipo lero."

"Usakhudze! Nsongazo ndiye ndadzera."

"Nanga ikalumpha?"

"Dona ndi nkhalamba ngati ine. Unayamba wandiona ine ndikulumpha?"

Kefasi anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Jailosi anaonjezanso kuti zigawozo zikamangidwe ndi mabawuti olimbitsa ndi sipanala, osati waya, ndipo pachitseko pakhale loko. Gerald anavomera zonse. Mwini ntchito akanena, wowotcherera amawotcherera.

Apa ndi pamene nkhaniyi imapwetekera. A Jailosi sanali wopusa, sanalinso waulesi. Hatchi ija ankaidziwa kuposa mmene ena amadziwira ana awo. Koma mantha ali ndi diso limodzi. Iwo anaima kunja kwa khola n'kumayang'ana anthu, manja awo ndi mapazi awo. Sanalowe m'kati kuti adzifunse kuti nyama ikagwidwa ndi mantha imathawira kuti.

Thirakitala itafika pa esiteti, a Enifa anatuluka n'kuyang'ana katunduyo nthawi yaitali.

"Bambo a Madalo, mikondo imeneyi yaloza kwa ndani?"

"Yaloza kumwamba. Simukuona?"

"Ine khola la mikondo sindinalionepo."

"Pali zambiri zimene simunazionepo, mayi. Akuba a masiku ano samva kukuwa, amamva chitsulo."

A Enifa anabwerera ku ntchito zawo. M'nyumba mwawo nkhani za hatchi zinali za bambo, ndipo kwa zaka zonsezo bamboyo anali asanalakwitsepo.

Tsiku la chionetsero anamuyendetsa Dona pansi, kudzera njira zachidule, dzuwa lisanapse. Anapeza Kefasi ndi Gerald atamanga kale khola pansi pa mtengo wa mbawa, m'mphepete mwa bwalo. Linali lokongola, tisabise. Pambali pake panali ng'ombe za a Jonasi m'mapaipi awo adzimbiri aja, zikuoneka ngati abale osauka pa ukwati.

Anthu anakhamukira kwa Dona n'kuiwala maungu, mbuzi za mkaka ndi chimanga chamakono chimene alangizi anachiyala pamatebulo. Ena ankati ndi bulu wa azungu. Mayi wina anafunsa ngati imakamidwa. Manja ambiri anayesa kulowa, onse anabwerera. Chidakwa china chinafuna kukwera, nsonga inachibaya pachikhatho, chinatsika chikutukwana anthu akuchiseka. A Jailosi anayang'ana kwa a Jonasi, kumene ana anali atadzaza pamwamba pa mapaipi, ndipo mtima wawo unadzitama. Bwana Vitus anabwera ndi wojambula, anaima patali pang'ono ndi mutu wa hatchi, n'kunena mawu amene a Jailosi anali asanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo:

"Mwagwira ntchito, madala."

Kefasi atamva zimenezo anaona kuti yake yatha. Anaponya sipanala m'thumba la ovololo n'kulowera kumashopu kukanyowetsa kukhosi.

Dzuwa litafika paliwombo, anyamata a zokuzira mawu anabwera ndi chingwe ndi chimkuzamawu chachikulu, chija chokhala ngati fanulo. Anayang'ana uku ndi uku, naona kuti mtengo wabwino ndi mbawa ija. Anachimangirira panthambi, pamwamba penipeni pa khola.

"Ana anga, chonde, osati apa," anapempha a Jailosi. "Nyamayi siimva bwino phokoso."

"Tapatukani madala, izi ndi za alendo olemekezeka. Mukufuna timangirire pamutu panu?"

A Jailosi anaganiza zomutulutsa Dona. Koma pachitseko anthu anali atapanikizana, mapewa okhaokha, manja okhaokha. Kumutulutsa kunali kumupereka m'manja amenewo. Anaona kuti m'kati ndi momwe muli mtendere. Anaima kunja pafupi ndi mutu wake n'kumamuyankhula motsitsa mawu, monga ankachitira mvula ya mabingu ikamabwera. Dona anali atayamba kale kutuluka thukuta m'khosi, akuzungulira m'kakhola kamene sikankamulola kutembenuka bwino.

Kenako galimoto za alendo zinatulukira, mahutala akulira, amayi akuimba nthungululu. Khamu lonse linasuntha nthawi imodzi n'kukankha khola. Pomwepo munthu wina kutsogolo anauzira mpweya pa maikolofoni, ndipo chimkuzamawu chija chinalira mluzu woboola m'makutu, woti ngakhale anthu anadzigwira kumutu.

Dona anaimirira ndi miyendo yakumbuyo. A Jailosi anali asanamuonepo atatalika choncho. Anatsika, ziboda zinamenya zitsulo, mluzu uja unaliranso. Ulendo wachiwiri sanangoimirira. Analumpha, nkhalamba ija, analumpha ndi mphamvu zonse zimene anazisunga zaka zonse za madeya ndi mchere. Miyendo yakutsogolo inadutsa. Chifuwa sichinadutse.

Kulira kwa hatchi yobayidwa si chinthu choti munthu angafune kuchimva kawiri. Anthu anabalalika, ena kugwa, ena kupondana. A Jailosi analimbana ndi loko, kiyi anagwa, anamutola, analowa m'khola n'kuika phewa lawo pansi pa mimba ya Dona kuti amunyamule. Munthu wokalamba kunyamula hatchi! Magazi ankatsika m'zitsulo n'kuwanyowetsa malaya, otentha ngati madzi osamba.

"Sipanala! Kefasi! Bweretsani sipanala!"

Kefasi kunalibe. A Jonasi anathamanga ndi amuna ena, anagwira chigawo chija kuti achigwetsere pansi pamodzi ndi hatchi, nsonga zizuke. Chinakana. Anafuna polumikizira, anapeza mabawuti olimba gwa. Anayesa ndi zala, anayesa ndi mwala. Gerald sankaba pa ntchito yake, zitsulo zija sizinapindike ngakhale pang'ono. Dona akamaphupha, nsonga zinkalowerabe.

Gerald anathamangira ku shedi kukatenga sowo. Mlangizi wa ziweto anafika, anasuzumira pansi pa chifuwa, n'kupukusa mutu. Pamwamba pawo chimkuzamawu chinali chitayamba kuyankhula bwinobwino tsopano, chikulandira alendo, chikutchula maudindo awo mmodzimmodzi.

A Jailosi anatuluka n'kukaima kutsogolo, kumene mutu wa Dona unalendewera. Anaugwira ndi manja awiri n'kuutsamiritsa paphewa pawo. Sankadziwanso choti anene, ankangoti, "Pepa, mayi. Pepa. Ndine ndachita." Analira mokweza, osachita manyazi, pamaso pa anthu a Kamwendo yense. Ankalirira hatchi, ndipo ankadziliranso okha, ndipo sakanatha kusiyanitsa misozi iwiriyo. Gerald anafika ndi sowo n'kuyamba kucheka, thukuta lili kamukamu. Asanamalize chitsulo chachiwiri, mpweya wotentha umene unkawomba pakhosi pa a Jailosi unasiya.

Bwana Vitus sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaima patali, mpango uli pamphuno, akuyang'ana kumene kunakhala alendo.

"Iphimbeni ndi lona alendo asanayambe kuyendera zionetsero," anatero kwa Kefasi, amene anali atangofika akununkha kachasu, sipanala ili m'manja. Koma a Jailosi, bwanayo sanawayang'ane n'komwe.

Ikanakhala ng'ombe, mipeni ikanatuluka pomwepo, ndipo madzulo ake mudzi uliwonse ukananunkhira. Koma hatchi ndani angadye? Alendo atapita, anaikoka ndi thirakitala mpaka pa dzenje lakale loumbira njerwa kuseri kwa bwalo. A Jailosi anabwereka khasu n'kuyamba kukwirira okha. A Jonasi anabwera kudzawathandiza. Sanakumbutse za mapaipi, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Pepani, akuluakulu, tsoka silinunkha." Ndipo mawu achifundowo anawawa kuposa chitonzo, chifukwa a Jailosi ankadziwa kuti tsoka ili linanunkha, anthu atatu analimva fungo, iwo okha ndiwo anatseka mphuno.

Anabwerera ku esiteti wapansi, chingwe cha hatchi chili m'manja. A Enifa anali pakhonde akusankha nyemba. Anaona malaya, anaona chingwe. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

Masiku angapo anadutsa popanda mawu ochokera ku nyumba yaikulu. A Jailosi ankadzukabe m'mamawa, kusesa khola lopanda kanthu, kutunga madzi n'kudzaza chomwera. Mumtima munayamba kumera kachiyembekezo kopusa, koti mwina bwana aiwala, mwina awapatsa ulonda wa pachigafa. Munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe.

Kenako lole inafika kuchokera kummwera, itadzaza matenanti atsopano a nyengo ya fodya, amuna, akazi, ana, mitolo ya ziwiya ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Kefasi anawagawira nyumba mmodzimmodzi. Atatsala banja limodzi, anabwera nalo kuseri kwa zigafa. Anaima pakhomo pa a Jailosi akukanda pansi ndi chala cha kuphazi.

"Madala, abwana akuti nyumbayi ilowe anthu ogwira ntchito. Ine ndangotumidwa. Ndapempha adalaivala, lole ikubwerera kummwera yopanda kanthu. Akuti akhoza kukutengani."

Banja latsopanolo linali la mwamuna wachinyamata ndi mkazi wobereka khanda kumbuyo. Mkaziyo anagwada n'kupereka moni m'Chilomwe, chilankhulo chimene a Jailosi ndi a Enifa anali atasiya kuchimva pakamwa pa alendo. A Enifa anayankha bwinobwino, n'kumugwira dzanja kumulowetsa m'nyumba. Anamuonetsa pamene denga limadontha, ndi mmene chitseko chimafunira kunyamulidwa pang'ono potseka. Katundu wawo yense anakwana m'matumba a feteleza ndi mtolo umodzi wa mphasa.

Anawakweza kumbuyo kwa lole. Dalaivala, munthu wansangala wosadziwa kanthu za hatchi, analiza injini, kenako anatulutsa mutu pawindo.

"Agogo, ndidziwiretu. Mukatsikira pati?"

A Jailosi anayang'ana akazi awo. A Enifa anali akuyang'ana msewu.

"Tiyeni, mwana wanga," anatero a Jailosi. "Tikuuzani kutsogolo."